Pulopela ya Malume

Nkhono ankapukuta makapu. Anali asanu okha, koma anawayamba dzuwa lili pa zenera la khitchini, ndipo tsopano linali litatsetserekera pa chitseko. Kapu iliyonse ankaizunguza m'kansalu kawiri katatu, n'kusuzumira m'kati mwake ngati muli nkhani, kenako n'kuikhazika pa thireyi mosagunditsa.

"Iwe, makapuwo ukuwapukuta kapena ukuwagoneka tulo?" anafunsa mayi ake ali panja, akuanula zovala pa chingwe.

"Ndatsala pang'ono."

"Unatsala pang'ono chaka chatha."

Dzina lakuti Nkhono anamupatsa ndi malume ake akadali wamng'ono, chifukwa chilichonse ankachita mosafulumira, ndipo munthu akamufunsa kanthu modzidzimutsa ankabweza mutu m'mapewa. Dzinalo linamutsata mpaka ku sekondale. M'kalasi ankadziwa mayankho ambiri, koma dzanja lake silinkafika m'mwamba. Linkathera pa khutu, n'kuyamba kukanda.

Tsiku limenelo ankachedwa dala. Akaima pa sinki ankatha kuona tebulo lodyera kudzera pa chitseko, ndipo pa tebulopo panagona ndege ya bambo ake. Inali yoyera, ya mzere wofiira m'mbali, mapiko ake otalika ngati manja a Nkhono akawatambasula onse awiri. Bambo anaipanga okha ndi timatabwa topepuka, zaka ziwiri zathunthu, Loweruka lililonse akatseka kashopu kawo kokonzeramo makina osokera. Kumphuno kwake kunali kainjini ka mafuta kosaposa chibakera, ndipo ikakhala m'mwamba ankaiwongolera ndi rimoti ya timitengo tiwiri. Mawa lake linali tsiku la sayansi kusukulu kwa Nkhono, ndipo ahedi anali atapempha bambo kuti akaiulutse pa bwalo la mpira ana onse akuona.

Koma ndegeyo inalibe pulopela, kanthu ka masamba awiri kamene kamazungulira kutsogolo n'kumaikoka mumphepo. Yakale, yamtengo, inathyoka masabata awiri m'mbuyomo pamene ndege inagunda chitsulo cha golo potera. Bambo anati inali mphepo. Nkhono analipo, ndipo ankakumbuka bwino kuti ngakhale udzu sunkagwedezeka.

Diso lamanzere la bambo linafa kalekale, Nkhono asanabadwe, sipuling'i ya makina itaduka n'kuwalasa. Zimenezo aliyense ankazidziwa. Zomwe ankadziwa Nkhono yekha zinali za diso lotsalalo. Anali ataona kuti masiku amenewo bambo akamathira tiyi ankakoloweka chala pa mlomo wa kapu kuti amve ikadzaza. Kasikuluwu kakagwa pansi sankakafunanso ndi maso, koma ndi chikhatho. Akafuna kulowetsa ulusi pa singano ankamuitana kuti, "Mayi anga, tabwerani, manja anga ali ndi mafuta," chikhalirecho manjawo ali oyera mbee. Nkhono ankalowetsa ulusiwo, n'kubwerera kumene wachokera.

Panja panalira hutala katatu.

"Odi, odi kwa oyendetsa ndege!"

Malume ankayendetsa lole yonyamula katundu mitunda italiitali, ndipo ankalowa m'nyumba ngati mvula ya mphepo, mawu patsogolo, iwo pambuyo. Anaponya mabisiketi pa mpando, anasuzumira ku khitchini n'kufunsa ngati Nkhono yatulutsako nyanga sabata imeneyo, kenako anasolola m'jekete kanthu kokulungidwa m'nyuzipepala.

"Alamu, nayi! Ndaisaka tauni yonse, miyendo yangayi ndi mboni."

Bambo anatuluka m'kashopu akupukuta manja. Anamasula nyuzipepala ija mosamala. M'katimo munali pulopela yapulasitiki, yotuwa, yopyapyala. Anayendetsa chala chachikulu kuchokera nsonga ina kufika inzake, n'kuipinda pang'ono. Inapindika mosavuta.

"Kupepuka kwakeku," anatero bambo. "Ndiponso ikukhala ngati yafupikirapo."

"Ndi zamakono zimenezo, alamu. Zamitengo zija zinapita ndi nthawi yake. Wogulitsa wanena yekha kuti iyi ikazungulira, ndege imachita kulira ngati yeniyeni."

"Munamuonetsa kapepala kaja?"

"Aa, nanga ndikanagula bwanji? Manambala ali pomwepo, tadziwerengerani nokha."

Bambo anayandikitsa pulopela ija kumaso, n'kuitembenuzira ku zenera. Manambalawo anali ang'onoang'ono, otuwa pa chinthu chotuwa. Anayang'ana nthawi yaitali, milomo ikugwedera pang'ono ngati munthu amene akuwerenga.

"Eya," anatero pomaliza. "Zikomo, alamu. Mwavutika."

Nkhono anasiya kupukuta. Kapepala kaja kanali m'thumba la siketi yake. Analemba yekha, bambo akumuuza: 10 x 6. Tsiku lomwe malume ankanyamuka anakaiwala pansi pa chitini cha shuga, ndipo Nkhono anakapeza pochotsa mbale, lole itapita kale. Anaganiza zonena. Kenako anaganiza kuti mwina malume analoweza manambalawo pamtima, kapena aimba foni. Masiku anapita, kapepalako kali m'thumba.

Ananyamula thireyi n'kupita nayo pa tebulo. Poika kapu ya bambo anawerama kuposa mmene zinkafunikira. Manambalawo anawaona bwinobwino: 9 x 4.

Tanthauzo lake ankalidziwa, pakuti anamuphunzitsa ndi bambo omwewo pa tebulo lomwelo, ndege ikadali mafupa okhaokha.

"Nambala yoyamba ndi kutalika kwa pulopela m'mainchesi," anamuuza tsiku limenelo. "Yachiwiri ndi kupendekeka kwa masamba, kuti ikazungulira kamodzi imaluma mphepo yochuluka bwanji. Injini iliyonse ili ndi katundu wake. Iyi wake ndi teni kwa sikisi. Ukaisenzetsa pulopela yaikulu imatopa, imatentha, ikakuzimira m'mwamba."

"Nanga yaing'ono?"

"Munapalasapo njinga tcheni chitaguluka? Miyendo imangozungulira mwamisala, palibe choigwira. Injini nayonso imatero. Imathamanga kupitirira muyezo. Tsono ikakhala pulopela yopyapyala, ya ndege za batire zija, ndiye tsoka, chifukwa injini ya mafuta imamenya ngati nyundo nthawi iliyonse ikazungulira. Tsamba limathothoka."

"Likathothoka limapita kuti?"

"Cham'mbali, ngati mpeni woponyedwa. N'chifukwa chake m'mbali mwa pulopela simuikidwa nkhope. Mwamva, mayi anga?"

Anamva, ndipo sanaiwale. Tsopano anaima ndi thireyi yopanda kanthu m'manja akuona malume akuyesa kulowetsa pulopela pa kachitsulo ka injini. Inakana. Chibowo chake chinali chaching'ono.

"Dikirani nditenge chobowolera," anatero bambo.

"Chobowolera cha chiyani pa kanthu kotere? Nkhono, tandipatsira sizasiyo."

Malume analowetsa nsonga ya sizasi m'chibowomo n'kuyamba kupotokola, lilime lili panja, tizidutswa ta pulasitiki tikugwera m'mbale ya shuga. Atamaliza, chibowocho chinali chitakula, koma chitapendekera mbali imodzi ngati diso la munthu wotsinzinira. Anaiika, namanga nati ndi sipanala mpaka mitsempha ya pa mkono inatuluka.

"Bambo," anatero Nkhono.

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma anamveka. Bambo anatembenuka.

"Ee, mayi anga?"

"Chete nonse!" anafuula malume atakweza sipanala m'mwamba. "Achemwali, thamangani mudzaone, Nkhono yatulutsa nyanga!"

Mayi analowa ndi zovala pa phewa, akuseka. Nkhope zitatu zinamuyang'ana. Nkhono anaona zonse zomwe zikanatsatira mawu ake. Akanena kuti manambala ndi olakwika, ndiye kuti wanena kuti malume ake anama. Choposa pamenepo, ndiye kuti wanena kuti bambo ake ayang'ana koma sanaone, ndipo wanena pamaso pa mlamu wawo. Pakamwa pa malume panali ngati wailesi. Sabata isanathe, matelala onse a mumsewumo akanadziwa kuti wokonza makina uja maso atha. Ndani akanabweretsanso makina ake?

"Shuga ndiwonjezere?" anafunsa.

Malume anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana uyu! Kutisonkhanitsa tonse chifukwa cha shuga?"

Bambo sanaseke. Anamuyang'ana pang'ono, kenako anabweza nkhope ku ndege.

"Ndikanakonda kuiyesa lero," anatero, "koma mafuta atsala a ulendo umodzi wokha."

"Kuyesa chiyani, alamu? Chinthu chatsopano sichiyesedwa. Mawa tikangoti pyuu, ana onse kukamwa yasa!"

M'mawa Nkhono anadzuka n'kuthamangira pa zenera. Ankafuna mitambo yakuda, mphepo, chilichonse. Kumwamba kunali kwa mbee, popanda ngakhale kamtambo kamodzi.

Mayi ake anawapeza akusita malaya oyera a bambo, omwe ankavala pa zochitika zikuluzikulu zokha.

"Mayi, pulopela ija..."

"Za ndege kafunse eni ndege, ine ndimangodziwa kuti imadetsa nsalu yanga ya pa tebulo." Anatembenuza malaya aja n'kuyamba kolala. "Wawamva bambo ako akuimba kubafa? Ndi liti unawamvapo akuimba? Chiyambire chaka chino angokhala ndwii, osanena chomwe chikuwadya. Lero asiye asangalale. Ndipo malume ako uwathokoze, wamva? Munthu wachita kusiya ntchito yake kusakasaka kanthu kameneko."

Nkhono anangogwedeza mutu. Podutsa pa tebulo anaima. Anagwira nati ija ndi zala n'kuyesa kupotokola. Sinasunthe. Sipanala inali m'bokosi la zitsulo, ndipo bokosilo bambo anali atalikhoma kale n'kuliika pa khomo.

Anapita pa lole ya malume. Nkhono anakhala pakati, ndege ili pa miyendo, nsonga ya phiko ikumukhudza pa chibwano. Pulopela inali patsogolo pa maso ake ulendo wonse. Lole ikagunda bampu, masamba ake ankanjenjemera ngati a chomera chanthete. Kawiri konse anatsegula pakamwa. Koyamba malume anaimba hutala kupatsa moni mnzawo. Kachiwiri palibe chinamuletsa, koma anangotsekanso pakamwa.

"Alamu," anatero bambo, "poyatsa injini, rimoti mugwire ndinu. Kamtengo ka kumanzereko ndi ka moto. Kakhale pansi mpaka nditanena ine."

"Ine ndimayendetsa matayala khumi ndi awiri, alamu. Kamtengo kangandivute?"

Pa bwalo la mpira panali patadzaza kale. Aphunzitsi anali atamanga chingwe, koma ana a makalasi oyamba anali atakwawira pansi pake n'kukhala pa udzu. Ahedi, mayi wamtali wa mawu aakulu, ankawabweza ndi chimkuzamawu, iwo n'kumabwerera ngati nyerere. Nkhono atatsika ndi ndege m'manja, anzake a m'kalasi anayamba.

"Eee, taonani woyendetsa!"

"Ndege ya Nkhono inyamuka lero, ifika mawa!"

"Nkhono, utinyamuleko pa msana!"

Iye anangoyang'ana nsapato zake. Anaika ndege pa mzere wa pakati pa bwalo, nagwada kumbuyo kwa phiko monga ankachitira nthawi zonse. Ntchito yake inali kugwira thupi la ndege ndi manja awiri kuti isathawe injini ikayaka. Bambo anagwada kutsogolo, malaya awo akuwala padzuwa. Anathira mafuta m'kathanki, fungo lake lokoma ngati la mankhwala a chifuwa linamveka. Anapapasa kapaipi kofewa kopititsa mafuta ku injini, kuona ngati kali m'malo. Analumikiza kabatire koyatsira pamwamba pa injini. Kenako anatenga kamtengo kawo kolizira injini, kokutidwa ndi mphira.

Nkhono anafinya thupi la ndege. Nena tsopano, anadziuza. Nena. Anayang'ana ahedi, aphunzitsi atapinda manja, ana mazanamazana, malume ataima monyadira ndi rimoti pa mimba.

"Mwagwira, mayi anga?"

"Ndagwira."

Bambo anakankha pulopela ndi kamtengo kaja. Injini inatsokomola. Anakankhanso. Kachitatu inayaka, ndipo ana onse anakuwa.

Nkhono ankaidziwa injini imeneyo ngati mawu a munthu wa m'nyumba. Ndi pulopela yamtengo inkalira mokhuta, ngati makina osokera othiridwa bwino mafuta. Tsopano inkalira mopyapyala, ngati udzudzu wolowa m'khutu. Thupi la ndege linkanjenjemera m'manja mwake mpaka zala zinayamba kuchita dzanzi. Masamba sankaonekanso, kunangotsala chizunguliro chotuwa, ndipo chizungulirocho sichinali chokhazikika. Chinkagwedera ngati tayala lopindika.

Anaona mutu wa bambo ukupendekeka. Nawonso anali atamva. Anachotsa kabatire kaja, nasuntha ndi mawondo kubwera chakumbali, n'kutambasula dzanja kufuna kasingano kochepetsera ndi kuwonjezera mafuta, kamene kanali kumbuyo kwenikweni kwa pulopela. Kale ankakagwira osayang'ana n'komwe. Lero injini inkagwedezeka kwambiri, zala zawo zinakaphonya. Anapapasanso, anaphonyanso. Ndiye anachita chomwe ankachita masiku amenewo ndi chilichonse chaching'ono. Anawerama, n'kutembenuza nkhope kuti diso lamanja liyandikire.

"Iuluke! Iuluke! Iuluke!" ana anayamba kuimba akuwomba m'manja.

Malume anayang'ana anawo, nkhope ikuwala. Anakweza dzanja limodzi ngati wotsogolera kwaya, ndipo ndi chala cha dzanja linalo anakankhira kamtengo ka moto m'mwamba mpaka pamapeto.

Injini inalira kulira komwe Nkhono anali asanakumvepo. Kunali ngati chitsulo chikuchekedwa. Ana a kutsogolo anatseka makutu. Ndege inakoka mwamphamvu kufuna kupulumuka m'manja mwake. Ndipo apo, m'mbali mwenimweni mwa chizunguliro chotuwa chija, pomwe simuikidwa nkhope, panali tsaya la bambo ake, magalasi atatsetserekera pa mphuno, diso limodzi lija litatseguka, likufunafuna.

"Bambo!"

Ngakhale iye mwini sanadzimve.

Sanaganizenso. Ndi dzanja lamanzere anakokera ndege kumbuyo, kudza nayo pa chifuwa pake, kuti pulopela ichoke pa nkhope ya bambo. Lamanja analitambasula pamwamba pa phiko n'kutsina kapaipi ka mafuta. Chala chinakhudza injini yotentha, ululu unathamanga mpaka m'chigongono, koma sanasiye. Ankadziwa kuti injini ikamanidwa mafuta imayamba yakwera kaye isanazime. Inakweradi. Kulira kuja kunapyapyala, kunapyapyalabe, Nkhono anatsinzina n'kudikira kumva chinthu chikuthyoka.

Kenako zii.

M'makutu munkangolira. Atatsegula maso anaona pulopela itaima chopingasa, kautsi kakutuluka pa injini. Bambo anali atakhala pansi pa udzu, magalasi ali m'manja. Nkhope yawo inali yonse.

"Aaaa!" anadandaula ana. Wina kumbuyo anakuwa, "Yatha mafuta!" ndipo ena anaseka.

Malume anabwera akugwedeza rimoti ngati wailesi yokana kulira. "Yazima yokha? Alamu, ine sindinakhudze china chilichonse."

"Ndazimitsa ine."

Malume anayang'ana uku ndi uku kufuna yemwe wayankhula. Kenako anayang'ana pansi, pomwe panagwada Nkhono.

"Iwe? Wapenga? Pamaso pa anthu onsewa? Ukudziwa kuti bambo ako adikira tsiku limeneli nthawi yaitali bwanji?"

Ahedi anali atafika, chimkuzamawu chili m'khwapa. "Chavuta n'chiyani, bambo? Mwanayu wachita mantha?"

Mutu wa Nkhono unayamba kulowa m'mapewa wokha. Anaumva ukulowa. Koma chala chopsa chija chinkawawa kwambiri, ndipo ululuwo unamugwira ngati dzanja la munthu. Anaimirira. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala kaja, kofewa ndi kupindapinda.

"Pulopelayi si ya injini iyi," anatero. "Injiniyi imafuna teni kwa sikisi. Iyi ndi naini kwa folo. Ndi yaifupi, siluma mphepo yokwanira, ndiye injini ikuthamanga yopanda katundu. Ndiponso ndi yopyapyala, ya ndege za batire. Chibowo chake chinapendekera dzulo ndi sizasi." Anatembenukira kwa malume. "Kapepala kaja ndi aka, malume. Munakasiya pansi pa chitini cha shuga."

Malume anayang'anitsitsa kapepalako.

Bambo anavala magalasi. Anagwada n'kugwira pulopela ija, nayendetsa chala chachikulu pang'onopang'ono kutsika ndi tsamba mpaka patsinde, pafupi ndi nati. Pamenepo chala chinaima. Nkhono anaona chomwe chalacho chinamva: kamzere koyera kodutsa tsinde lonse, ngati pomwe pamapindikira chivundikiro cha ndowa chikatsala pang'ono kuduka. Bambo anangokankha pang'ono, mmene munthu amayesera nthochi ngati yapsa.

Thyo! Tsamba linatsala m'manja mwawo.

Ana omwe anali pafupi anasiya kuseka. Ahedi anayang'ana tsambalo, anayang'ana ana a makalasi oyamba omwe anakhala pa udzu masitepe ochepa chabe kuchokera pa ndege, ndipo anagwira pa chifuwa. Kenako anakweza chimkuzamawu. "Nonse kuseri kwa chingwe! Pompano!"

Malume anavula kapusi. Anaipinda, anaitambasula, anaipindanso.

"Alamu," anatero ndi mawu omwe Nkhono sankawadziwa, aang'ono, "ndinafika m'sitolo muja, kupisa m'thumba, kapepala mulibe. Ndinachita manyazi kuimba foni. Ndinangoti pulopela ndi pulopela." Anayang'ana tsamba lija, kenako nkhope ya mlamu wawo, pa diso lamanja. "Mayo ine. Ndikanakawauza chiyani achemwali?"

"Zachitika, alamu," anatero bambo. "Tapitani mukathandize ahedi kubweza anawo. Muwauze kuti lero siuluka. Pakamwa muli napo."

Malume anapita, kapusi ili m'manja. Pakati pa bwalo panatsala anthu awiri ndi ndege ya tsamba limodzi. Bambo anakhalanso pa udzu, osasamala za buluku lawo losita. Ankatembenuzatembenuza tsamba lothyoka lija m'zala.

"Tandionetsani chalacho."

Nkhono anagwada n'kuwapatsa dzanja. Analigwira, naliyandikitsa kumaso, pafupi kwambiri, mpaka Nkhono anamva mpweya wawo pa chala.

"Chitupa ichi," anatero. "Manambala aja munawaona liti?"

"Dzulo. Poika tiyi."

"Ndiye shuga uja?"

Nkhono anagwedeza mutu. Misozi inali itayamba, ndipo sanaipukute.

"Kapepalanso ndinakapeza tsiku lomwe malume ananyamuka. Ndikananena pomwe paja, bwenzi mutawaimbira foni. Ndinakhala chete masiku onsewa. Mukanavulala, bambo, bwenzi ndili ine."

"Ayi, mayi anga. Wamkulu ndine. Zala zinandiuza kuti si imeneyi, ine n'kuzitsutsa." Kenako anaseka kaseko kopanda mphamvu. "Komatu ndinayang'ana manambala aja. Kaya kunali kuwala kwa pa zenera paja..."

Anasiyira pomwepo, akudikira kuti mwana wawo avomere monga ankachitira nthawi zonse. Kutali malume ankamveka akufotokozera ana ndi manja onse awiri. Nkhono anayang'ana udzu, anayang'ana chitsulo cha golo chomwe chinali chikadali ndi kachipsera ka penti yofiira. Mapewa ake anafuna kukwera. Anawatsitsa.

"Sikunali kuwala, bambo," anatero. "Munayang'ana, koma simunaone. Tsiku lija pa golo panalibe mphepo. Tiyi mumayeza ndi chala. Mukandiitana kuti ndilowetse ulusi, manja anu sakhala ndi mafuta. Ndakhala ndikuona chaka chonse, ndimangoopa kuti ndikanena muchita manyazi. Koma lero ndaopa zina, zoposa manyazi."

Dzanja la bambo linali likadagwira lake, ndipo linafinya pang'ono.

"Madzulo ano tiwauze mayi, tonse awiri," anapitiriza Nkhono. "Lolemba tipite kuchipatala cha maso, ndikuperekezani ine, kwa ahedi ndikapempha ndekha. Pulopela ina tikagula limodzi, ndi rula m'manja. Ndipo kuyambira lero manambala ndiziwerenga ine, bambo. Mokweza. Ngakhale pakhale alendo."